Ma binding akale a jombo zolimba: ogula ndi ati, osiya ndi ati?

Wowerenga wina wokonda snowboard, thabwa lotsetserekera pa chipale, watilembera motere za ma binding, zipangizo zomangira jombo pa thabwalo:

"Ndakhala ndikutsetsereka pa snowboard ndi jombo zofewa kwa zaka zinayi, koma chaka chino ndikufuna kuyesa jombo zolimba, zija zokhotera mozama pa chipale chosalazidwa. Ndagula kale jombo za Deeluxe zovalidwapo, saizi ya mondo 27, ndi bolodi lowonda la alpine la mabowo anayianayi, limene mwini wake wakale anati lili ndi titanal mkati. Chatsala ndi ma binding. Atsopano andikulira mtengo, ndiye ndikuyang'ana akale amene anthu akugulitsa: Bomber TD1, Burton Race Plate, Catek ina imene sanalembe mtundu wake, ndi F2 Race Titanium. Ndimalemera makilogalamu 88. Kodi zipangizo za zaka 20 kapena kuposerapo n'zodalirika? Ndiyang'ane chiyani ndisanalipire? Ndikuopa kuthyoka mwendo chifukwa chofuna zotchipa."

Mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama, paja safunsa anadya phula. Mtima ukhale m'malo: anthu ambiri otsetsereka ndi jombo zolimba amagwiritsa ntchito ma binding akale, ndipo ena mwa ma binding amenewa adzakhalitsa kuposa mabolodi amene amangidwapo. Binding ya mtunduwu ndi chipangizo chosavuta. Pali mbale ya pansi, pali timabuloko tiwiri topondapo, kamodzi ka zala kena ka chidendene, pali zitsulo ziwiri zopindika ngati chilembo U zimene amazitcha ma bail, ndiye pali chotsekera chimene chimakanikiza jombo. Mulibe masipuling'i omasula phazi ngati a pa ski, amene amafooka ndi zaka munthu osaona. Choncho ukalamba pawokha si mlandu. Mlandu uli pa zinthu zitatu: pulasitiki youma, chitsulo chotopa, ndi kusowa kwa zosinthira.

Akalewa ndi ambiri pamsika pa chifukwa chodziwika. M'zaka za m'ma 1990 kutsetsereka ndi jombo zolimba kunali kofala, moti pamene snowboard inalowa koyamba m'masewera a Olympics ku Nagano mu 1998, giant slalom, mpikisano wotsika phiri mokhotakhota pakati pa timbendera, inali umodzi mwa mipikisano yake iwiri. Pambuyo pake anthu ambiri anakhamukira ku jombo zofewa, makampani akuluakulu ngati Burton n'kusiya kupanga za alpine, zija za jombo zolimba. Zipangizo za nthawi imeneyo zinatsalira m'magalaja, zina zitagwira ntchito masiku ochepa chabe, zina zitatheratu. Pachithunzi zonsezi zimaoneka chimodzimodzi.

Koma mantha anu a mwendo musawataye, chifukwa ndi amene akuthandizeni kusankha. Binding ya snowboard siipangidwa kuti imasuke mukagwa. Mapazi onse awiri amakhala omangika pa thabwa limodzi, ndipo n'zimene zimateteza mawondo, chifukwa miyendo imapita kumodzi. Ngozi yoopsa imabwera pamene phazi limodzi latuluka, linzake lili chimangikire. Bolodi lalitali, lolemera, lothamanga, limasanduka chopotokolera mwendo wotsalawo, ndipo bondo, kakolo kapena fupa la msongolo ndi zimene zimalipira. Bail ikamaduka siiduka muli chiimire pamzere wa lifiti yokweza anthu paphiri. Imaduka pakati pa kukhota, pamene thupi lonse latsamira m'mphepete mwa bolodi. Ndiye pa binding iliyonse imene mwaiona, funso likhale limodzi: pali chilichonse pano chimene chingatulutse phazi limodzi?

Tisanafike pa mitundu inayi ija, tiyambe ndi zakuti zikwanirana kapena ayi, chifukwa ambiri amaluza ndalama pamenepa, osati pa kuthyoka.

Mabowo a bolodi lanu ndi a 4x4, kutanthauza mabawuti anayi otalikirana masentimita 4 mbali zonse. Burton inali ndi kaikidwe kakekake ka mabowo atatu opanga katatu, kotchedwa 3D. Disiki ya pakati, imene imamanga binding pa bolodi, ikakhala ya 3D singamangike pa 4x4, ndipo ma Burton ambiri ndi ma Bomber ena amagulitsidwa ali ndi disiki ya 3D yokha. Muuzeni wogulitsa akujambulireni disikiyo payokha, muwerenge mabowo ndi maso anu. Akanena kuti "disiki mukaipeza mosavuta," mumve kuti mukaivutikira. Ma binding akale kwambiri, a nthawi imene 4x4 inali isanakhazikike, amene ankabooleredwa mwachindunji m'bolodi, asiyeni kwa osunga zakale.

Chachiwiri ndi kutalika kwa pansi pa jombo. Mondo 27 ikunena za phazi lanu, masentimita 27, osati za jombo. Tengani tepi muyeze pansi pa jombo kuchokera kumlomo wakutsogolo kufika kumlomo wakumbuyo, mulembe m'mamilimita. Jombo za makampani osiyana zimasiyana kutalika ngakhale mondo ili imodzi. Za UPZ, mwachitsanzo, zili ndi chidendene cholowera pansi pa phazi. F2 imabwera m'masaizi a S, M ndi L, ndiye musaganize kuti iliyonse ikukwanani. Binding yoti jombo yanu ikungokwana pa bowo lomaliza siyabwino, chifukwa simudzatha kusuntha jomboyo kuti ikhale pakati penipeni pa bolodi, ndipo zala kapena chidendene zidzakhudza chipale mukatsamira kwambiri.

Chachitatu, dziwani ngati binding ndi ya chotsekera wamba kapena ya Intec. Ya wamba ili ndi ma bail awiri, mumawerama n'kutseka ndi dzanja. Ya Intec mumangoponda: pa jombo amachotsa chidendene wamba n'kuikapo china chokhala ndi timapini tiwiri m'mbali, timene timalowa m'mabowo a binding, ndipo pomasula mumakoka chingwe chodutsa m'mbali mwa jombo. Jombo za Deeluxe ndi za Raichle zimene zinazitsogolera zambiri zimalandira zidendene zimenezi, koma zidendenezo nthawi zambiri sizigulitsidwa pamodzi ndi binding, ndiye muwerengere ndalama zake. Samalaninso ndi Burton Physics: nayonso ndi yongoponda, koma chidendene chake n'china, sichigwirizana ndi Intec. Kwa munthu woyamba ngati inu, ya chotsekera wamba ndi yabwino. Imalola jombo kupendekera pang'ono m'mbali, pamene Intec imagwira chidendene nganganga, ndipo miyendo yozolowera jombo zofewa imafuna kampata kameneko.

Tsopano inayi ija.

Bomber TD1, dzina lonse Trench Digger, inapangidwa ku Colorado m'zaka za m'ma 1990, yosemedwa kuchokera ku aluminiyamu. Kulimba kwake palibe amene amatsutsa. Vuto n'lakuti ndi yolimba mopitirira, ndipo imakhala pa bolodi ndi disiki yachitsulo yaing'ono, mothandizidwa ndi timphira tiwiri. Bolodi likapindika pokhota, mphamvu yonse imasonkhana m'mphepete mwa disikiyo. Mabolodi a nthawi yake, a thabwa ndi fiberglass yokhuthala, ankapirira. Bolodi la titanal ndi nkhani ina. Titanal, pajatu, si titaniyamu ayi, ndi aluminiyamu wosakaniza wolimba, woikidwa m'bolodi ngati pepala lopyapyala. Amachititsa bolodi kuyenda mofatsa pa chipale chouma, koma sakonda kupanikizidwa pamalo amodzi. Akhoza kupindika kapena kumatuka pafupi ndi binding, ndipo zikatero bolodi latha. Ena amaika kambale ka polycarbonate pansi pa binding kuti mphamvu imwazikane, koma kugula TD1 kuti kenako muyambe kuiteteza ku bolodi lanu lomwe n'kudzipatsa ntchito. Palinso china: pa TD1 disiki yopendekera, ya madigiri 0, 3 kapena 6, imamangidwa pa bolodi mosatembenuka, ndiye kupendekera kwa phazi kumatsatira ngodya imene mwaimika binding. Pa TD2 ndi TD3 zimene zinabwera pambuyo pake, disikiyo imatembenuka payokha ndipo binding yonse imakhala pa mphete ya mphira, yachikasu yofewa, yofiira yolimba. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Mukapeza TD2 kapena TD3 yabwino, munthu wa makilogalamu 88 sangalakwitse. TD1 pa bolodi lanulo, ayi.

Burton Race Plate ndi yopepuka, yofupika, yofewa pansi pa phazi, ndipo anthu ochepa thupi ambiri amaikondabe. Koma ili ndi pulasitiki yambiri pamalo onyamula katundu: chotsekera, timabuloko, ndi madisiki ena. Pulasitiki ya zaka 20 imauma ngakhale itangokhala m'katoni, ndipo ikazizidwa imathetheka mosachenjeza. Ma bail ake ndi ocheperako kuyerekeza ndi a Bomber kapena Catek, ndipo amadziwika kuti amaduka pansi pa anthu olemera okhota mwamphamvu. Kamangidwe kake kanapitirizidwa pansi pa dzina la Ibex, ndiye zosinthira zina zimapezeka, komabe mukagula ma bail anayi atsopano ndi zotsekera ziwiri, kutchipa kuja kwapita kuti? Mwana wachinyamata wa makilogalamu 55 ndingamulole, atasintha ma bail. Inu sindikulimbikitsani.

Catek ndi yosangalatsa kwa okonda kusintha tinthu. Mbale yake imagwidwa ndi bawuti imodzi yaikulu pakati, ndipo mozungulira muli timabawuti totsamira pa disiki timene mumapotokola kuti phazi lipendekere mbali iliyonse imene mukufuna, pang'onopang'ono. Palibe binding ina ya nthawi imeneyo yopatsa ufulu wotero. Ufulu womwewo ndiye msampha wake. Timabawutito tikapanda kutsamira tonse mofanana, mbale imagwedezeka, bawuti ya pakati imayamba kumasuka, ndipo tsiku lina mbale yonse ikhoza kuchoka ndi jombo yomwe. Mukakweza kupendekera kwambiri osaika timawashala toyenera pakati, bawuti ija imagwira ndi mazinga ochepa. Kampaniyo inasiya kupanga, ndiye chosoweka chilichonse mudzachipeza pokhapokha mutagula Catek ina yophwasula. Ndipo poti wogulitsa sanalembe n'komwe mtundu wake, kaya World Cup, kaya OS1 kapena OS2, n'kutheka kuti nayenso sadziwa ngati zonse zilipo. Zakale kwambirizo zili ndi vuto lofanana ndi la TD1 pa bolodi la titanal. Si binding yoyambira.

F2 Race Titanium ndiyo ndingakulozereni mwa zinayizi. Othamanga ambiri m'mipikisano ya World Cup akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, imapindika mokwanira kuti bolodi ligwire ntchito yake, ndipo chachikulu n'chakuti ikupangidwabe, kamangidwe kake sikanasinthe kwambiri, ndiye ma bail, zotsekera ndi timatabwa topendekera zimagulika zatsopano. Nayonso ili ndi pulasitiki pa timabuloko, ndiye F2 ya zaka 20 yodzala zipsera siyofanana ndi ya zaka zisanu. Funsani chaka chimene inagulidwa, saizi yake, ndiponso ngati timatabwa tokwezera zala ndi chidendene tilipo pamodzi ndi mabawuti ake aatali. Timeneti ndi timene timasochera kawirikawiri.

Tinene kuti mwaipeza, ili m'manja mwanu kapena wogulitsa wavomera kujambula chilichonse mungapemphe. Musakopeke ndi kunyezimira. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Binding yopukutidwa bwino ikhoza kukhala ndi mng'alu wochepa ngati tsitsi pamalo oipitsitsa.

Yambani ndi ma bail, ndipo muchedwepo. Chitsulo chimatopa chikamapindidwa pang'onopang'ono kambirimbiri, ndipo mng'alu umayambira pamalo atatu: mkati mwa mapindiko, pamene bail ikulowa m'kabuloko kapena m'chogwirira chake, ndi pamene pali mazinga. Pukutani malo amenewa ndi nsalu, muwalitse tochi chammbali, muyang'ane ndi galasi lokulitsa zinthu. Kamzere kalikonse kopingasa chitsulo, kadontho ka dzimbiri kotuluka pamalo amodzi, kapena malo ophwatalala chifukwa chokhuzana ndi chinthu china, zonsezi zikutanthauza kuti bail imeneyo yatha. Ikani ma bail a binding ziwirizo pamodzi muwayerekeze: ina ikaoneka yotambasuka kapena yopotoka, inalandirapo nkhonya. Bail yopindika musaiwongole, yothyoka musaiwotcherere. Kuwongola kumaonjezera kutopa, kuwotcherera kumafooketsa chitsulo pambali pa chilondacho. Muonenso ngati ikuzungulira momasuka. Bail youma pa mfundo zake imapindika pamalo amene inayenera kutembenuka, ndipo imeneyo ndi njira yachidule yopita kokaduka. Kadontho ka mafuta pa mfundozo kamodzi pa nyengo kamathandiza. Kunena zoona, pa binding imene simukudziwa mbiri yake, kugula ma bail atsopano ngakhale akalewo akuoneka bwino si kuwononga ndalama.

Pulasitiki imaonetsa kutopa ndi timizere toyera kapena malo otuwa, makamaka mozungulira mabowo a mabawuti ndi pa mfundo ya chotsekera. Ikandeni ndi chikhadabo: ikamanyenyeka ngati choko, yapsa ndi dzuwa. Chotsekera chikhale ndi kabawuti kake kosinthira, ndipo chikatsekedwa chidutse pakati n'kukhazikika, osati kuima pamalire pomwe kugunda kamodzi kungachitsegule. Mphira za pansi zikhale zofewabe. Zouma kapena zophwanyika zimasiya binding ikugwedera.

Mbale ya pansi iikeni pa galasi kapena pa tebulo losalala muone ngati ikukhala bwinobwino. Yang'anani ming'alu kuchokera pa mabowo. Kenako masulani bawuti iliyonse, imodziimodzi. Bawuti ya chitsulo chosachita dzimbiri ikakhala zaka m'aluminiyamu wonyowa imamatirira, ndipo wina akaikakamiza amadya mazinga a m'mbale. Bawuti yongozungulira osagwira ndi chizindikiro choti mazinga atha. Wodziwa za makina akhoza kuikamo mazinga atsopano a waya, koma ngati mabowo otere ndi angapo, bwezani katunduyo. Mitu ya mabawuti yodyeka ikuuzani kuti mwini wake ankagwiritsa ntchito chida cholakwika: ma binding a ku Ulaya ambiri amafuna sikuludiraiva ya Pozidriv nambala 3, imene imafanana ndi Phillips koma si imodzi, pamene Bomber ndi Catek zimafuna Allen key ya mamilimita, osati ya mainchesi.

Mukasankha Intec ngakhale ndanena zija, onani mabowo olandira timapini: akhale ozungulira, osati otambasuka ngati dzira. Zidendene zakale za Intec musazikhulupirire msanga. Kokani chingwe muone ngati timapini tonse tiwiri tikulowa ndi kutuluka mofanana, muyang'ane chingwecho ngati chayamba kuthothoka, ndipo chidendene chimangidwe pa jombo ndi mabawuti olowa m'manati achitsulo a mkati, osati ongoluma pulasitiki. Pini imodzi ikalowa ina osalowa, mumamva ngati mwamangika pamene simunamangike.

Jombo zanunso zili m'nkhani yomweyi. Bail imagwira pa milomo ya jombo, kutsogolo ndi kumbuyo. Milomoyo ikadyeka chifukwa choyenda pa miyala, kapena mphira za pansi zikatha, ngakhale binding yatsopano singagwire bwino. Poti jombozo n'zovalidwapo, zitembenuzeni muone.

Pomanga pa bolodi, chimene chimawononga zinthu kwambiri ndi kutalika kwa mabawuti. Mabowo a bolodi ndi a M6, ndipo kuzungulira kumodzi kwa bawuti ya M6 kumailowetsa milimita imodzi. Njira yake ndi iyi: lowetsani bawuti m'bowo popanda binding, muwerenge kuti yazungulira kangati isanagunde pansi. Kenako ikani binding, muwerengenso. Bawuti igwire ndi mazinga osachepera atatu athunthu, anayi kapena asanu ndi bwino koposa, koma isafike pansi pa bowo. Yaifupi imazuka. Yaitali imagunda pansi musanamange disiki, ndiye mumaganiza kuti mwamanga pamene binding ikugwedera, ndipo mukakakamiza imatukumula pansi pa bolodi ngati chithupsa. Mabawuti obwera ndi binding yakale kawirikawiri amakhala osakanikirana ndi a kwina, ndiye yezani iliyonse. Gulani atsopano ngati mukukayika. Ndi chinthu chotchipa kuposa zonse pano. Mankhwala amadzimadzi omatira mazinga musawayandikitse ku pulasitiki, amaing'alula. Mabawuti obwera atapakidwa kale zouma ndi abwino. Mangani mopingasa, pang'onopang'ono, ndipo mudzamangenso pambuyo pa kutsetsereka kuwiri kapena kutatu koyamba, kenako m'mawa uliwonse.

Kulimba kwa chotsekera n'kumene anthu atsopano amaphonya mbali zonse ziwiri. Chotsekera chifune mphamvu ya chikhatho kuti chitseke, chimveke kuti thapu, koma osati mpaka kuchiponda ndi phazi lina. Chikalimba mopitirira, mukupinda pansi pa jombo ndi kutopetsa bail isanayambe n'komwe ntchito. Chikalekerera, jombo imasewera ndipo chotsekera chikhoza kutseguka. Yesani pa kapeti: valani jombo zonse, mangani, wina agwire bolodi, inu mudzipotokole ndi kutsamira kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali ndi mphamvu zanu zonse. Chidendene chisatukuke, jombo isaterereke chammbali. Muonenso kuti bail yakumbuyo yakhala bwino pa mlomo wa jombo m'litali mwake monse, osati kungokhudza pa nsonga ziwiri. Dziwani kuti zimene mwasintha m'nyumba yofunda zimasintha kunja, chifukwa pulasitiki ya jombo imafupika ndi kuuma ikazizidwa. Siyani jombo ndi bolodi panja kwa mphindi 20 kapena 30, muyesenso. Ndipo paphiri, palani chipale pansi pa jombo nthawi iliyonse musanamange. Kachipale kochepa kounjikana pansi pa chidendene kamachititsa chotsekera kuoneka cholimba, kenako kamasungunuka kapena kuphwanyika, jombo n'kutsala yolekerera pakati pa mtsetse. Ma binding ambiri amene amanenedwa kuti "anamasuka okha" vuto linali limeneli.

Za kupendekera ndingonena mwachidule, poti zimakhudza zimene mugule. Pa bolodi lowonda mapazi amaloza kutsogolo, kawirikawiri pakati pa madigiri 50 ndi 65, malinga ndi m'lifupi mwa bolodi. Lamulo n'lakuti zala ndi chidendene zifike m'mphepete koma zisapitirire. Mukaima chotero mapazi ali phwatalala, miyendo imakokana. Poyambira pabwino ndi kukweza zala za phazi lakutsogolo pang'ono ndi kukweza chidendene cha phazi lakumbuyo, madigiri atatu mbali iliyonse, kenako n'kumasintha chimodzi pa nthawi. Binding yogulitsidwa ndi madisiki a 0 okhaokha, kapena F2 yopanda timatabwa take, imakumanani mwayi umenewu, ndipo ambiri amene amasiya jombo zolimba sabata yoyamba amasiya chifukwa cha ntchafu ndi mawondo opweteka, osadziwa kuti vuto linali madigiri atatu basi. Musaiwale kachingwe komangirira bolodi ku mwendo wakutsogolo. Malo ambiri otsetserekera amakafuna, ndipo bolodi la alpine likapulumuka limatsika phiri ngati mkondo.

Pali pamene muyenera kusiya kudzidalira. Mukaona kamzere pa chitsulo koma simukutsimikiza ngati ndi mng'alu kapena chipsera, pitani nacho kwa amisiri a makina. Ali ndi mankhwala a utoto olowa m'ming'alu amene amaonetsa zimene diso silingaone. Bowo la bolodi likamazungulira limodzi ndi bawuti, kapena pamwamba pa bolodi patatukumuka pafupi ndi mabowo, limenelo ndi la wokonza mabolodi, musatsetserekepo. Posankha wokuthandizani kumanga, funsani kaye ngati anagwirapo za jombo zolimba, chifukwa mashopu ambiri a snowboard masiku ano sanazionepo, ndipo munthu wotsetsereka nazo kwa zaka akhoza kuona m'mphindi zisanu zimene wa m'shopu angaphonye. Bondo kapena msongolo zikamapweteka mosalekeza mutasintha kale kupendekera, kaonaneni ndi wokonza jombo za ski, amene amadziwa kuyeza kaimidwe ka miyendo. Ndipo tsiku limene phazi limodzi lidzatuluke, ngakhale mutadzuka bwinobwino, musamangenso n'kupitiriza musanapeze chifukwa chake. Bondo likatupa, likamagwedera, kapena mukalephera kuliponda, ameneyo ndi wa dokotala tsiku lomwelo.

Ndiye pa zinayi zija: lemberani wa F2, mumufunse saizi, chaka, ndi zithunzi zapafupi za ma bail, za pansi pa timabuloko ndi za timatabwa topendekera. Zikakhala bwino, gulani, muitanitse ma bail atsopano ndi mabawuti atsopano tsiku lomwelo. Zikakayikitsa, dikirani TD2 kapena TD3 ya disiki ya 4x4 yokhala ndi madisiki opendekera a madigiri atatu. Zimatuluka pamsika kawirikawiri nyengo ya chipale ikamatha. Masiku awiri oyamba mutsetsereke pa mtsetse wofatsa, Allen key kapena sikuludiraiva ili m'thumba, ndipo muziyang'ana mabawuti ndi ma bail nthawi iliyonse mukapuma.